Momwe Ntchentche ndi Mphutsi Zimaululira Nthawi Imene Munthu Anamwalira

Aliyense amene anaphapo mbuzi pakhomo m'nyengo yotentha amadziwa kuti mlendo woyamba kufika ndi ntchentche yobiriwira, yonyezimira ngati chitsulo, imene imatera pa nyama mpeni usanatsukidwe n'komwe. Amayi oyanika usipa ndi utaka pa thandala m'mbali mwa nyanja amaidziwanso bwino, chifukwa mvula ikagwa kapena mitambo ikaphimba dzuwa kwa masiku awiri, nsomba zimachedwa kuuma ndipo posakhalitsa zimayamba kuyenda mphutsi. Ambirife ntchentche imeneyi timangoiona ngati chinthu chonyansa choyenera kuthamangitsidwa. Koma pali akatswiri ena amene amaiona ngati mboni, ndipo pamene mtembo wa munthu wapezeka patchire, m'munda kapena m'nyumba yokhoma patapita masiku, mboni imeneyi nthawi zambiri ndi yokhayo imene ingathe kunena kuti imfayo inachitika liti.

Funso lakuti munthu anamwalira liti ndi lolemera kwambiri pa mlandu wakupha, pakuti woganiziridwa aliyense amafunsidwa kumene anali pa nthawi inayake, ndipo nthawiyo ikalakwika, wosalakwa akhoza kumangidwa pamene wolakwa akuyenda mfulu. Dokotala wopima mtembo ali ndi zizindikiro zake. Thupi limazizira pang'onopang'ono mpaka kufanana ndi malo amene lagona, magazi amatsikira ku mbali imene ili pansi n'kusintha mtundu wa khungu, ndipo minofu imayamba kuuma patangopita maola ochepa, imaumiratu pakatha pafupifupi maola 12, kenako n'kufewanso pakatha tsiku limodzi ndi theka kapena awiri. Vuto ndi lakuti zizindikiro zonsezi zimatha ntchito msanga. Pakadutsa masiku atatu, makamaka kumalo otentha, thupi limakhala litayamba kuwola ndipo dokotala sangathenso kunena zambiri motsimikiza. Pamenepo m'pamene tizilombo timayamba kulankhula, chifukwa ito tinayamba kuwerenga nthawi kuyambira tsiku loyamba lomwe.

Nzeru imeneyi si yatsopano. M'chaka cha 1247, woweruza wina wa ku China dzina lake Song Ci analemba buku lolangiza ofufuza za imfa, ndipo m'menemo anasimba za munthu amene anapezeka ataphedwa ndi mabala ooneka ngati a chikwakwa. Wofufuzayo analamula amuna a m'mudzimo kuti abweretse zikwakwa zawo n'kuziyala pansi padzuwa. Zonse zinkaoneka zoyera, koma ntchentche zinaunjikana pa chimodzi chokha, pokopeka ndi fungo la magazi limene maso a munthu sakanatha kuliona, ndipo mwini chikwakwacho anavomera mlandu. Ku Ulaya kunatenga zaka mazana ena anayi kuti anthu angovomereza kumene mphutsi zimachokera, pakuti ambiri ankakhulupirira kuti nyama yowola imabala yokha mphutsi. M'chaka cha 1668, Francesco Redi wa ku Italy anaika nyama m'mabotolo, ena otsegula, ena otseka, ena ophimbidwa ndi kansalu kopyapyala, ndipo anaonetsa kuti mphutsi zimatuluka pokhapokha ngati ntchentche yaterapo n'kuikira mazira. Popanda mfundo imeneyo, ntchito yonse imene tikuikamba pano sikanakhalapo, chifukwa ngati mphutsi ndi mwana wa ntchentche, ndiye kuti ili ndi tsiku limene inabadwa, ndipo msinkhu wake ungathe kuwerengedwa.

Woyamba kuyesa kuwerengera motero pa mlandu weniweni anali dokotala wa ku France, Louis Bergeret, amene anapima mtembo wouma wa khanda umene unapezeka m'chaka cha 1850 utabisidwa m'khoma pamene nyumba ina inkakonzedwa. Poona zikwa zopanda kanthu za ntchentche ndi tizilombo tina timene tinali pamtembopo, iye anati khandalo linamwalira cha mu 1848, zimene zinachotsa chikaiko pa anthu amene anali atangolowa kumene m'nyumbamo. Masiku ano akatswiri amaona kuti Bergeret sanamvetse bwino kutalika kwa moyo wa tizilomboto, komabe njira yake yoganizira inali yolondola. Mnzake wa m'dziko lomwelo, Jean-Pierre Mégnin, anasindikiza mu 1894 zotsatira za zaka zambiri zimene anakhala akuona mitembo, ndipo anafotokoza kuti tizilombo timafika pa mtembo wosakwiriridwa m'magulu asanu ndi atatu otsatizana, gulu lililonse pa nthawi yake.

Kuti timvetse bwino, tiyenera kuitsata ntchentcheyo pa moyo wake wonse. Ntchentche zonyezimira zija, za m'banja lotchedwa Calliphoridae, zimamva fungo la imfa kuchokera patali, ndipo masana kukatentha zimatha kufika pa mtembo m'mphindi zochepa chabe. Yaikazi imafunafuna malo onyowa ndi obisika, ndiye imaikira m'maso, m'mphuno, m'kamwa, m'makutu, kumaliseche ndiponso pa bala lililonse lotseguka. Imaikira mazira 150 mpaka 200 nthawi imodzi, oyera, ounjikana ngati timpunga tating'onoting'ono, ndipo zinzake zimakonda kuikira pamalo pomwepo mpaka mulu wa mazirawo umaoneka ndi maso patali. Mazirawo amaswa pasanathe tsiku limodzi, ndipo kukatentha kwambiri amaswa ngakhale pasanathe theka la tsiku. Kamphutsi kotulukamo n'kakang'ono kwambiri, ka mamilimita awiri okha, ndipo kamayamba kudya nthawi yomweyo pothira malovu osungunula minofu. Kakakula kamafundula khungu n'kulowa gawo lachiwiri, kenako kamafundulanso n'kulowa gawo lachitatu, limene ndi gawo la kudya kwadzaoneni, pamene mphutsi imafika masentimita amodzi ndi theka kapena kuposerapo. Ikakhuta imaleka kudya, imachoka pamtembo n'kukwawa mamita angapo kukabisala m'dothi, pansi pa masamba kapena pansi pa mkeka, ndipo kumeneko khungu lake limauma n'kusanduka chikwa cholimba chooneka ngati kambewu ka mpunga wosapuntha. Chikwacho chimayamba chotuwa, kenako chimafiira, potsiriza chimada. M'kati mwake thupi lonse limaumbidwanso mwatsopano, mpaka ntchentche yathunthu imaboola chivindikiro cha kumutu n'kutuluka, kusiya chikwa chopanda kanthu chimene chingakhale m'dothi zaka zambiri.

Katswiri amazindikira gawo limene mphutsi yafika poyang'ana kumbuyo kwake ndi maikulosikopu. Mphutsi imapumira kumatako, n'chifukwa chake imatha kulowetsa mutu wonse mu nyama osabanika, ndipo kumeneko kuli timaenje tiwiri topumira tooneka ngati maso. M'gawo lachiwiri kabowo kalikonse kamakhala ndi timing'alu tiwiri, ndipo m'gawo lachitatu timakhala titatu. Akawerenga timing'aluto n'kuyeza kutalika kwa mphutsiyo, amadziwa pamene yafika pa ulendo wake.

Apa tsopano m'pamene pagona nkhani yonse, ndipo m'pamene anthu ambiri amasokonezeka. Mphutsi siwerenga maola monga wotchi ya pakhoma, imawerenga kutentha. Tizilombo tilibe kutentha kwathupi kokhazikika ngati ife, choncho kukula kwake kumathamanga kukatentha ndipo kumachedwa kukazizira, mpaka kuimiratu kuzizira kukafika pa mlingo winawake, umene kwa mitundu yambiri ya kumalo otentha uli pafupi ndi madigiri 10. Akatswiri amati mtundu uliwonse umafunika kusonkhanitsa kuchuluka kwinakwake kwa kutentha kuti ufike gawo lililonse, ndipo amawerengera pochotsa mlingo wapansiwo pa kutentha kwa ola lililonse, n'kuphatikiza zotsalazo. Tiyerekeze, pofuna kungoonetsa masamu ake, kuti mtundu wina umafunika 2,400 kuti ufike poleka kudya. Ngati kunja kuli madigiri 30, ola lililonse limapereka 20, ndiye pafunika maola 120, amene ndi masiku asanu. Koma ngati kuli madigiri 18, ola lililonse limapereka 8 yokha, ndipo pafunika maola 300, omwe ndi masiku khumi ndi awiri ndi theka. Mphutsi ziwiri zofanana msinkhu ndendende, ina yotoledwa ku Nsanje mu Novembala ndipo ina ku Dedza mu Juni, zingasiyane zaka zake, kunena kwake masiku ake, ndi sabata yathunthu. Munthu woyang'ana kukula kwa mphutsi kokha osafunsa za nyengo akhoza kulakwitsa kwambiri, ndipo kulakwitsa kwa mtundu umenewu n'kumene kumamangitsa munthu wosalakwa.

Choncho katswiri amawerengera chobwerera m'mbuyo. Amayambira pa ola limene mphutsi zinatoledwa, n'kumachotsa kutentha kwa ola lililonse lapitalo kufikira chiwerengero chija chitatha, ndipo pamene chathera m'pamene mazira anaikiridwa. Kutentha kwa masiku apitawo amakutenga ku siteshoni ya zanyengo yapafupi, koma siteshoniyo ikhoza kukhala pabwalo la ndege pamtetete pamene mtembo unali m'chigwa, pamthunzi, pafupi ndi mtsinje. N'chifukwa chake amasiya kachipangizo kolemba kutentha pamalo pamene panali mtembo kwa masiku angapo, kuti aone kusiyana kwa malowo ndi siteshoni, kenako n'kukonza ziwerengero zakale molingana. Palinso china chodabwitsa. Mphutsi zikachuluka n'kuunjikana zikwizikwi pamalo amodzi, zimapanga kutentha kwawokwawo chifukwa cha kudya ndi kukhuzana kosalekeza, moti pakati pa mulu wake pamatha kutentha madigiri 10 kapena 20 kuposa mpweya wozungulira, nthawi zina kufika pafupi ndi madigiri 50. M'mamawa kukazizira, mulu wotere umafuka nthunzi. Ngakhale mtembo utaikidwa m'firiji ku mochale, mphutsi za pakati pa mulu zimatha kupitiriza kukula kwa kanthawi, ndiye ola limene mtembo unalowa ndi kutuluka m'firijimo liyenera kulembedwa.

Zonsezi sizingathandize ngati mtundu wa ntchentche sunadziwike, pakuti mtundu uliwonse uli ndi liwiro lake. Ku Ulaya amakumana kawirikawiri ndi Calliphora vicina, imene imapirira kuzizira, ndi Lucilia sericata, imene imakonda dzuwa. Kum'mwera kwa Africa kuno zofala ndi za mtundu wa Chrysomya, monga Chrysomya marginalis, yaikulu ya mutu wofiirira imene imafika msanga pa nyama zikuluzikulu zakufa, Chrysomya chloropyga, Chrysomya putoria, Chrysomya megacephala, imene imavutitsanso oyanika nsomba, ndi Chrysomya albiceps. Yotsirizayi ili ndi khalidwe loyenera kulisamala. Mphutsi zake zili ndi timinga tofewa thupi lonse ngati zaubweya, ndipo zikakula zimagwira mphutsi za mitundu ina n'kuzidya. Zikatero zimafafaniza umboni, chifukwa zimene zadyedwazo mwina ndi zimene zinafika poyamba, ndipo wofufuza wopeza za ubweya zokhazokha akhoza kuganiza kuti imfa ndi yaposachedwa kuposa mmene ilili. Popeza mphutsi za mitundu yosiyana zimafanana kwambiri zikadali zazing'ono, njira yodalirika ndi kulera zina mwa izo pa chiwindi cha ng'ombe kapena nkhumba mpaka zitasanduka ntchentche, kapena kuyeza DNA yake, makamaka kachigawo kotchedwa COI kamene kamasiyanitsa mitundu ya tizilombo.

Mlandu umene unaonetsa mphamvu ya njirayi ku Britain unachitika mu 1935. Pa 29 Seputembala chaka chimenecho, zidutswa za matupi a anthu zinapezeka m'chigwa pafupi ndi tauni ya Moffat ku Scotland, zina zitakulungidwa m'nyuzipepala. Alexander Mearns wa ku yunivesite ya Glasgow anapima mphutsi zimene zinali pa zidutswazo, anazizindikira kuti ndi za Calliphora vicina, ndipo anati zinali ndi masiku 12 mpaka 14. Zimenezi zinagwirizana ndi nthawi imene mkazi wa dokotala wina wa ku Lancaster, Buck Ruxton, anasowa limodzi ndi mtsikana wantchito wa pakhomopo, pakati pa mwezi womwewo. Umboni wina wambiri unasonkhanitsidwa, ndipo Ruxton anapezeka wolakwa n'kunyongedwa mu Meyi 1936.

Pakadutsa milungu, m'badwo woyamba wa ntchentche umakhala utauluka kale ndipo kuwerenga msinkhu wa mphutsi sikuthandizanso kwenikweni. Pamenepo katswiri amatembenukira ku ndondomeko ija ya Mégnin ya kutsatizana kwa magulu. Mtembo ukatupa ndi mpweya n'kuphulika, fungo limasintha ndipo limaitana alendo ena. Kumabwera zikumbu zodya mphutsi, kenako timphutsi todumpha ta ntchentche yotchedwa Piophila casei, timene timakonda mafuta owola. Thupi likauma kumafika Dermestes maculatus, chikumbu chomwe chija chimene chimafumbutsa nsomba zouma m'matumba ndi zikopa zoyanika, pamodzi ndi Necrobia rufipes cha miyendo yofiira, ndipo pomalizira pake njenjete zimadya tsitsi ndi zovala. Njira imeneyi imapereka yankho la milungu kapena miyezi, osati la masiku, ndipo imadalira kwambiri kudziwa tizilombo ta dera lomwelo pa nyengo yomweyo. Kuchuluka kwa ntchito imene tizilombo timagwira kunaonetsedwa ndi Jerry Payne ku South Carolina, m'dziko la America, mu 1965, pamene anagwiritsa ntchito tiana ta nkhumba takufa ndipo anapeza mitundu ya tizilombo yoposa 500, n'kuonanso kuti kankhumba kosiyidwa poyera kamatha pafupifupi konse m'masiku asanu ndi limodzi, pamene kotchingidwa kuti tizilombo tisakafike kamakhala miyezi. Kufikira lero nkhumba ndi imene ofufuza ambiri amaigwiritsa ntchito m'malo mwa munthu, chifukwa khungu, mafuta ndi matumbo ake zimawola mofananako ndi zathu.

Ku Tennessee, ku America komweko, anapitirira pamenepo. Mu 1977, William Bass, katswiri wa mafupa a anthu, anaitanidwa kukaona mtembo umene unapezeka pa manda ofukulidwa, ndipo poona kuti minofu inali isanathe anati munthuyo anamwalira pasanathe chaka. Kunapezeka kuti anali msilikali William Shy, amene anaphedwa pa nkhondo mu 1864 ndipo thupi lake linakonzedwa ndi mankhwala n'kutsekeredwa m'bokosi lachitsulo. Kuphonya ndi zaka 113 kunamukhudza Bass kwambiri, ndipo kunamulimbikitsa kutsegula malo ku yunivesite ya Tennessee mumzinda wa Knoxville kumene matupi a anthu amene anadzipereka okha asanamwalire amasiyidwa padzuwa, pamthunzi, m'madzi kapena m'galimoto, kuti ophunzira aone tsiku ndi tsiku mmene amawolera ndi tizilombo timene timafikapo. M'chigawo chathu chino maziko anaikidwa ndi anthu monga Leo Braack, amene m'zaka za m'ma 1980 anafufuza tizilombo tofika pa nswala zakufa ku Kruger National Park, ndi Martin Villet wa ku Rhodes University ku South Africa, amene pamodzi ndi ophunzira ake anayeza liwiro la kukula kwa mitundu ingapo ya Chrysomya pa kutentha kosiyanasiyana. Ntchito yoteroyo ndi yotopetsa ndiponso yonunkha, koma popanda iyo katswiri wa kuno akanamawerengera ndi ziwerengero za ntchentche za ku Ulaya.

Tizilombo timaulula zinanso kupatula nthawi. Mphutsi zikapezeka zitaunjikana pachifuwa kapena m'manja pamene kumaso kulibe zambiri, dokotala amakaikira kuti pamenepo panali bala, mwina la mpeni, mwina la munthu amene ankadzitchinjiriza, ngakhale khungu litatha kale. Mtembo wopezeka kuthengo uli ndi mtundu wa ntchentche wokhala m'tauni mokha umasonyeza kuti unachita kusamutsidwa. Ndipo popeza mphutsi imadya chimene chinali m'thupi la womwalirayo, mankhwala ndi poizoni zimapezeka mwa iyo pamene magazi ndi chiwindi zatha. Mu 1980 ofufuza ku America anapeza mankhwala ogonetsa a phenobarbital mu mphutsi zotoledwa pa mtembo umene unali utatsala pang'ono kukhala mafupa okhaokha. Koma mankhwala omwewo amasokonezanso wotchi ija, pakuti M. Lee Goff wa ku Hawaii anaonetsa kuti cocaine imafulumizitsa kukula kwa mphutsi, pamene mankhwala ophera tizilombo amatha kuchedwetsa ntchentche kufika. Njirayi yagwiranso ntchito pa milandu ya opha nyama zakutchire popanda chilolezo: ku Canada mu 1995, Gail Anderson anawerengera nthawi imene ana awiri a chimbalangondo anaomberedwa poona pamene mazira a ntchentche anaswa, ndipo nthawiyo inagwirizana ndi pamene oganiziridwa anaoneka pamalopo.

Tsono pali malire amene katswiri woona mtima ayenera kuwanena poyera m'khoti. Chimene mphutsi imauza si ola la imfa, koma ola limene ntchentche inaikira mazira, ndipo pakati pa ziwirizi pakhoza kukhala mpata. Mtembo ukakulungidwa m'bulangete kapena m'pulasitiki, ukatsekeredwa m'nyumba ya mawindo otseka, ukamizidwa m'madzi kapena kukwiriridwa, ntchentche zimachedwa kufika ndi masiku. Usiku ntchentche zimenezi nthawi zambiri siziuluka kapena kuikira, ndipo mvula yamphamvu ndi kuzizira zimaziletsanso. Nyerere zimatha kututa mazira onse a tsiku loyamba, ndiponso zimaluma khungu n'kusiya zipsera zofanana ndi mikwingwirima ya womenyedwa. N'chifukwa chake yankho loyenera limanenedwa motere: munthuyu wakhala ali chimwalirire kwa masiku osachepera akutiakuti. Mawu akuti "osachepera" ndi amene amanyamula choonadi chonse cha umboniwu. Mpatawo ungapitenso mbali inayo, chifukwa mphutsi zina zimalowa mwa munthu wamoyo. Tonse timadziwa mphutsi ya pakhungu imene imabwera ndi zovala zoyanikidwa pansi kapena pamthunzi, ya ntchentche yotchedwa Cordylobia anthropophaga, imene amayi amaipewa posita zovala za ana. Mitundu inanso imaikira pa zilonda za wodwala wosasamalidwa, ndipo munthu wotere akamwalira, mphutsi zake zimakhala zazikulu kuposa masiku a imfa yake. Zikatero umboniwo umasanduka wa nkhani ina, yosonyeza kutalika kwa nthawi imene wodwalayo, kaya ndi khanda kaya nkhalamba, anasiyidwa wopanda womusamala.

Mlandu wa ku San Diego, ku America, mu 2002 unaonetsa poyera kuvuta kwa malire amenewa. Mtsikana wa zaka 7 anasowa kumayambiriro kwa Febuluwale ndipo mtembo wake unapezeka pa 27 mwezi womwewo. Woimbidwa mlandu, David Westerfield, anali akulondoledwa ndi apolisi kuyambira masiku ochepa chisowereni mwanayo. Akatswiri anayi a tizilombo anaperekera umboni, ndipo ziwerengero zawo, ngakhale zinali zosiyana, zinkaloza cha pakati pa mweziwo, nthawi imene iye sakanatha kukataya mtembo osaonedwa. Oimira boma anati nyengo youma kwambiri inaumitsa thupi n'kuchedwetsa ntchentche, ndipo poganizira umboni wina khoti linamupeza wolakwa. Mlanduwo unachititsa akatswiri ambiri kuyamba kusamala kwambiri mawu awo, n'kumasiyanitsa momveka nthawi ya tizilombo ndi nthawi ya imfa.

Koma pali mlandu wina umene, kwa ine, umaonetsa bwino koposa chifukwa chake ntchitoyi iyenera kulemekezedwa, ndipo mmenemo umboni unali kusapezeka kwa tizilombo. Pa 8 Julayi 2001, cha m'ma 10 koloko usiku, mtembo wa mwamuna wina unapezeka panja pamalo otayira zinyalala mumzinda wa Las Vegas, uli ndi mabala ambiri otseguka. Kirstin Lobato, amene anali ndi zaka 18, anaimbidwa mlanduwo. Panalibe kutsutsana kuti masana ndi madzulo a tsikulo iye anali kwawo ku Panaca, mtunda wa makilomita oposa 250, choncho oimira boma anati imfayo inachitika m'mbandakucha, iye asanabwerere. Anamangidwa ndipo anakhala m'ndende pafupifupi zaka 16. Mu 2017 akatswiri atatu a tizilombo anapenda zithunzi ndi malipoti a mtembowo ndipo onse anagwirizana pa mfundo imodzi: panalibe dzira la ntchentche ngakhale limodzi. Mtembo wamagazi wogona panja tsiku lonse m'chilimwe cha ku Las Vegas sukanalephera kuikiridwa mazira, ndiye munthuyo anayenera kuti anamwalira dzuwa litalowa, ntchentche zitagona, pa nthawi imene Lobato anali kutali. Khoti linafafaniza chigamulo chija mu Disembala 2017 ndipo iye anatuluka m'ndende mu Januwale 2018.

Zithunzi zimene zinamumasulazo zinajambulidwa ndi anthu amene sankaganiza za ntchentche, ndipo izi zikutifikitsa pa munthu woyamba kufika pamalo a imfa, amene nthawi zambiri ndi wapolisi wamba kapena wachipatala wa m'dera, osati katswiri. Chibadwa chathu, ndiponso ulemu umene timapereka kwa womwalira, zimatikankha kuti tichotse mphutsi msanga, tisambitse thupi, tithire mankhwala ophera tizilombo kuti abale asaone zomvetsa chisoni. Maganizo amenewo ndi abwino, koma imfa ikakhala yokayikitsa, kutero n'kutaya umboni umene sudzapezekanso. Zofunika pa ntchito yotola si zodula. Wotolayo ajambule zithunzi asanakhudze kanthu, kenako asankhe mphutsi zikuluzikulu koposa, makumi angapo kuchokera pa mulu uliwonse, mulu uliwonse m'botolo lakelake, chifukwa zazikuluzo ndi zimene zinafika poyamba. Theka lake aziphe poziviika m'madzi otentha kwambiri, a madigiri 80 kapena kuposerapo koma osawira, kwa theka la mphindi, kenako aziike mu spiriti wa ethanol wa 70 mpaka 95 peresenti. Zikaponyedwa mu spiriti zili zamoyo zimakhwinyata n'kuda, ndipo kutalika kwake sikungayezedwenso molondola. Theka linalo alisunge lamoyo m'chitini choboola timabowo ta mpweya, muli kachidutswa ka chiwindi ndi utuchi kapena mchenga pansi. Ayeze kutentha kwa mpweya, kwa dothi la pansi pa mtembo ndi kwa pakati pa mulu wa mphutsi. Mtembo ukanyamulidwa afukule dothi la pamenepo ndi la mamita angapo kuzungulira, kufunafuna zikwa, pakuti chikwa chimodzi chakuda chobisika pansi pa tsamba chingakhale chachikulu msinkhu kuposa mphutsi zonse zooneka pamwamba, ndipo chingasunthe yankho ndi masiku anayi kapena asanu. Pa botolo lililonse alembe malo, mbali ya thupi, tsiku ndi ola, ndipo alembe ndi pensulo pa kapepala koika m'kati mwa botolomo, chifukwa inki imasungunuka mu spiriti.